Kabati ya Ndudu ndi Msana wa Apongozi

Anthu amene anakhala pa mlandu wanga anali awa: a Kamtedza, atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, aNaphiri, apongozi anga, Estere, mkazi wanga, a Yonasi, achimwene anga, amenenso anali nkhoswe yanga, ndi ine Eliya Chimphepo, mmisiri wa matabwa wophunzira ku mishoni, mkulu wa mpingo. Ndawatchula maina chifukwa nkhaniyi yakhala ikukambidwa mokhotakhota m'midzi ya kunsi kwa phiri la Ntchisi, mpaka ena amati ndinabisala dala. Sekani ngati mufuna, inenso ndimaseka, mano okha, koma muimve monga inachitikira.

Inali nthawi imene nkhondo ya Jeremani inali itatha, fodya wa chikopa atangoyamba kulimidwa kuno. Ine ndinali pa chikamwini kwawo kwa Estere, ndipo chikamwinicho chinali chitandikwana. Munda wa eni, nkhokwe ya eni, ngakhale nkhuku yoweta wekha umayamba wayang'ana uku ndi uku usanaiphe. Kutchalitchi ndinkaima kutsogolo anthu n'kumandimvera, koma ndikakumana ndi apongozi panjira ndinkapatukira m'tchire ngati gwape mpaka adutse, pakuti mwambo sulola mkamwini kuyang'anizana kapena kulankhulana ndi amayi a mkazi wake. Mwambowo sindinautsutsepo. Ndimakonda dongosolo, ndipo ndinausunga kuposa akamwini onse a m'mudzimo.

Tsono mzungu wina wa esiteti ya fodya cha ku Madisi, amene antchito ake ankamutcha Bwana Chipewa, anandiitana kukamukonzera zitseko. Ntchito itatha anandionetsa ndudu zake, zonenepa ngati chala chachikulu, zokulunga ndi tsamba la fodya osati pepala. Anati zimachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo dzuwa la mwezi wa Okutobala likafika zimauma n'kumathetheka ngati makoko a chimanga. Ankafuna kabati yaikulu, yotalika kuposa munthu, yosalowa mphepo ngakhale pang'ono, mkati mwake mwa mkungudza, pansi pake mbale ya madzi yosunga chinyezi. Ndikaipanga bwino, anatero, andilemba ukalipentala pa esiteti n'kundipatsa nyumba.

Nyumba yangayanga, abale, yopanda apongozi kuseri kwake. Chotsala chinali chitengwa chokha, chilolezo choti ndimutenge Estere tichoke pamudzipo. Ndinatuma a Yonasi kwa a Kamtedza, ndipo a Kamtedza anayankha kuti iwo alibe mawu, mawu ali ndi mlongo wawo aNaphiri, tidikire.

Ine fodya sindisuta, sindifwenkha, ndipo ofwenkha m'tchalitchi ndinkawadzudzula ndi maina. Koma ndinadziuza kuti kabati ndi kabati, thabwa silichimwa. Mkungudza anandipatsa mzunguyo, mbawa ya kunja ndinacheka ndekha kumtsinje, ndipo ndinaipangira pakhonde la kuseri kwa nyumba yathu. Sindinapangepo chinthu chokongola chotero. Matabwa ndinawalumikiza mwa mano, opanda msomali, ndinapala mpaka dzanja limaterereka, chitseko ndinachilowetsa m'mphako yake moti potseka chinkapuma ngati ng'ombe. Kunja ndinaikako kampiringidzo kachitsulo kogwa kokha chitseko chikatsekeka, kuti wantchito wa Bwana asamaiwale kutseka. Nzeru imeneyo inali yanga, palibe anandiuza, ndipo ndinanyadira nayo kwambiri.

Tsiku lina masana ndinati ndiiyese mashelefu ndisanaike. Ndudu ndinalibe. Koma pansi pa denga la nkhokwe yathu panali mipukutu ya chingambwe cha apongozi, fodya wawo woluka ngati chingwe amene ankasinja wofwenkha, ndipo anali atauma gwaa. Ndinaganiza kuti ndikamufewetsa m'kabatimo, apongozi aona okha kuti mkamwini wawo ndi munthu waphindu. Kupempha ndikanapempha bwanji, munthu wosalankhula naye? Estere, amene ndikanamutuma, anali kumtsinje. Ndinatenga mipukutuyo, ndinaikoloweka pa tizikhomo m'mwamba mwa kabati, ndinathira madzi m'mbale n'kuiika pansi.

Ku mishoni anatiphunzitsa kuti ukafuna kudziwa ngati bokosi latsekeka bwino, uyang'ane kuwala: pomwe palowa kuwala palowanso mphepo. Bokosi laling'ono umaliyang'anitsa kudzuwa. Nanga kabati yoposa msinkhu wako uiyang'anitsa bwanji? Ndinavula nsapato, ndinalowa, ndinakoka chitseko.

Chinapuma ngati ng'ombe muja, ndipo kunja ndinamva kachitsulo kaja kakuti kwe.

Mdima wake unali wa bii, wopanda ngakhale kadontho ka kuwala, ndipo ndikuuzeni zoona, choyamba chimene ndinamva mumtima chinali chimwemwe. Ntchito inali yabwino. Kenako ndinakankha chitseko. Ndinatulutsa mpeni m'thumba kuti ndiulowetse pampata ndinyamule kampiringidzo, koma mpata wake uti? Ndinali nditatha masabata ndikuonetsetsa kuti pasakhale mpata woti n'kulowa tsitsi. Ndinaima njo, miyendo uku ndi uku, mbale ya madzi pakati, chingambwe chikundikhudza pamphumi. Kufuula ndinachita manyazi. Mkulu wa mpingo akuitana mudzi wonse kuti udzamutulutse m'bokosi lopanga yekha? Ndinati ndidikire Estere, ndigogoda pang'ono, nkhani ithere pakhomo.

Estere anabweradi, ndinamva akutula mtsuko. Ndisanagogode ndinamva kutsokomola kumene ndinkakudziwa bwino, kumene ndinkathawira m'tchire zaka zonsezo.

"Bambo a kuno ali kuti? Sowo wawo wochekera matabwa uja wakhala chete lero," anatero apongozi.

Estere anayankha kuti mwina ndapita kukaphunzitsa a kalasi kutchalitchi. Apongozi anati zili bwino, akhale pamthunzi pano makutu apumeko. Ndinamva mphasa ikuyalidwa, kenako kabati inagwedezeka pang'ono. Anatsamira chitseko. Msana wa apongozi anga ndi mimba yanga zinalekana ndi thabwa limodzi la mbawa ndi limodzi la mkungudza.

Inu amene mumati ndikanangotsokomola, munakhalapo pa chikamwini? Munthu amene sindinamuyang'anepo kumaso ndikanamulankhula kuchokera kumsana, ndili m'bokosi, nditazunguliridwa ndi fodya wake? Ndinakhala chete. Ndinati sakhalitsa.

Anakhalitsa. Anayamba ndi ine. Anati ndimayenda ngati ndameza mpini, anati ndimafoletsa makasu pakhoma ngati asilikali a boma, anati pemphero langa la chakudya limatha ndiwo zitazizira. Anayesezera m'mene ndimakonzera kukhosi ndisanalankhule, ndipo mkazi wanga, amene ndinamukwatira mu mpingo, anaseka mpaka kuwomba m'manja. M'kabatimo munayamba kutentha. Chinyezi chinagwira ntchito yake monga ndinafunira, chingambwe chinayamba kufewa n'kutulutsa fungo lake lonse, ndipo fungolo linalibe kothawira koma m'mphuno mwanga. Misozi inayamba kutsika. Ndinatsina mphuno ndi zala, ndikupumira kukamwa pang'onopang'ono.

Apo ndi pomwe apongozi anatsitsa mawu.

"Munthuyo ngouma ngati chikuni, mwana wanga, koma chibwerereni sanandipondepo chithunzithunzi, sanakhudzepo kanthu kanga. Aulemu otere ngosowa. Mawa ndiwauza atsibweni ako, akutenge."

Mwamva? Chitengwa chinali chitaperekedwa. Nyumba ya pa esiteti ndinaiona ndi maso mumdimamo. Chimene chinatsala chinali kungokhala chete mpaka gogoyo atanyamuka, basi.

Koma Estere, atakondwa, anati nayenso ali ndi mawu amene sanauze munthu, ngakhale ine. Anali ndi pakati. Ndinamvera m'kabati, abale, nkhani ya mwana wanga woyamba. Apongozi analulutira chapansipansi, n'kuyamba pomwepo kumulangiza za amayi oyembekezera, zija sizinenedwa pali mwamuna. Apa ndiye ndinaona kuti dongosolo lasokonekera. Mawu amenewo sanali oti ine ndimve, ndipo munthu wolongosoka samvera zosamuyenera. Ndinachita choyenera. Ndinatseka makutu onse awiri ndi zala.

Manja munthu ali nawo awiri okha. Mphuno inatsala yokha.

Kuyetsemula kwake sindinakumvepo chibadwire. M'bokosi lotsekeka bwino chotero kunalira ngati mfuti yagogodela, mutu wanga unamenya chitseko, chitseko chinamenya msana wa apongozi. Kachiwiri bondo linagunda mbale, madzi onse n'kukhuthukira pa buluku. Kachitatu mpukutu wa chingambwe unagwa pachikhomo n'kundilowa m'khosi ngati mkanda. Kunja apongozi ankakuwa kuti m'bokosi la mzungu muli chinthu. Estere, amene amadziwa kuyetsemula kwa mwamuna wake, ananyamula kampiringidzo, ndipo poti ndinali nditatsamira chitseko, ndinatuluka chamutu n'kugwera pamiyendo pa apongozi.

Tinayang'anizana. Zaka zonse zija ndinali ndisanadziwe kuti ali ndi chipsera pachibwano.

Iwo anadziphimba kumaso ndi nsalu. Ine, thupi litakumbuka mwambo mutu usanaganize, ndinadzuka n'kuthawira m'tchire monga mwa masiku onse, wopanda nsapato, buluku lili lonyowa kutsogolo, fodya wa apongozi ali m'khosi, ndikuyetsemula njira yonse, pamaso pa anthu amene anathamangira kukuwa kuja. Ena mwa iwo anali omwe aja ndinkawadzudzula za kufwenkha.

M'mawa mwake tinakhala pabwalo la a Kamtedza. Apongozi anakhala chofulatira, nalankhula kudzera mwa mchimwene wawo. Milandu inali yoti ndinatenga fodya wawo osapempha, ndinabisala kuti ndimve zinsinsi za amayi, ndiponso ndinawakhudza thupi. Ine ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa kuwala ndi mphepo mpaka pa makutu. Ndinati chilichonse chimene ndinachita ndinachita posunga ulemu. A Yonasi, amene anabwera kudzandiimira, anaweramitsa mutu mapewa akugwedezeka, ndipo sananene kanthu kothandiza.

A Kamtedza anandimvetsera mpaka ndinatha, kenako anati, "Akamwini, mwambo umati mukaona apongozi mupatuke. Sunati mulowe m'bokosi."

Apongozi anawonjeza mawu amodzi okha, kuti mwana wawo sangapite kutali ndi mwamuna amene amatha kukhala m'nyumba anthu osadziwa kuti alimo.

Bwana Chipewa anadikira kabati yake, atatopa analemba mmisiri wina. Ine ndinakalambira pamudzi pomwepo. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero si buluku lija kapena kuseka kwa anthu. N'chakuti kabatiyo inalibe cholakwa. Inakathera kunyumba kwa apongozi, ndipo chingambwe chawo chinkakhala chofewa m'menemo chilimwe chonse, anthu ankachokera ku Chisepo kudzachifuna, ndipo gogoyo ankauza aliyense kuti mkamwini wake ndi mmisiri weniweni. Chiyambire tsiku limenelo mabokosi ndimawayesera kunja. Limene ndidzalowemonso ndi limodzi lokha, lija adzatseke ena, ndipo ndawauza kale ana anga kuti asadzaikemo fodya.

Koma ndibwerere pabwalo paja. Chigamulo chinali ichi: nkhani ya chitengwa ithe, isadzatchulidwenso aNaphiri ali moyo, ndipereke mbuzi yopepesera miyendo imene ndinagwera, ndipo kabati, poti inadya fodya wa eni, ipite kunyumba kwa eni fodya, ndiinyamule ndekha iwo atapita kumunda. A Kamtedza anati kwa iwo zatha. ANaphiri anavomera ali chofulatira. A Yonasi anavomera msangamsanga, ndikuganiza kuti ankafuna kukasekera kutali. Estere anayang'ana pansi. Atandifunsa ine ngati ndavomera, ndinakonza kukhosi kuti ndiyankhe mawu amene ndinawakonzekera bwino, koma chingambwe chinali chisanathe m'mphuno, ndipo ndinayetsemula, mutu n'kuwerama ngati wa munthu wovomera.

A Kamtedza anati, "Avomera."