Nkhondo ya Chipembere ndi Namzeze

Khalani chete, inu mainjini a m'misewu, ndipo inu mahutala gwirani pakamwa, pakuti tikukumbukira masiku aja amene ulemu wa mwamuna unkakhala pa kachizindikiro kachitsulo komatidwa pamphuno pa galimoto yake; masiku amene munthu ukamutukwanira abambo ake ankatha kukukhululukira pofika madzulo, koma ukamunyozera giyabokosi, kumaliro ako sankapondako.

M'masiku amenewo kunali wometa wina, mwini kachipinda ka mipando iwiri ndi kalilole wong'aluka pakona, amene anthu ankamutcha Lumo. Lumo Wosaphonya Mzere, Mdani wa Ndevu, Iye Amene Ngakhale Mabwana Amamuweramitsira Mutu! Mwamunayu ankayendetsa galimoto ya mtundu wa Chipembere, mtundu womwewo umene ankayendetsa malemu abambo ake. Inali yokalamba ndithu. Chitseko chakumbuyo chinkatseguka ndi wakunja yekha, ndipo akailiza m'mawa agalu a mzere wonse ankayankha. Koma Lumo ankati, "Chipembere siifa. Imangopuma."

Lumo anali ndi mlamu wake, mchimwene wa akazi ake, wogulitsa mankhwala, amene dzina lake lankhondo linali Katatu Patsiku, Mwini Malaya Oyera, Wowerenga Zolemba za Madokotala Popanda Kutsinzina. Iyeyu ankalambira galimoto za mtundu wa Namzeze, zija zolizira batani, zamagalasi otsika okha, zimene zimalira pang'onopang'ono ngati zikuopa kudzutsa mwana.

Nkhondo inabuka Loweruka lina, Katatu ali pampando, nsalu ili m'khosi, makina ometera atadya kale tsitsi la mbali ya kumanzere.

"Alamu," anatero Katatu akudziyang'ana pakalilole, "wilibala ija mwaimika panjayo, mudzaivula liti denga kuti iyambe ntchito yake yeniyeni?"

Odikira pabenchi anaseka. Lumo sanaseke. Anazimitsa makina, nawaika pashelefu mwaulemu ngati akuika lupanga m'chimake, nakutumula nsalu ija m'khosi mwa mlamu wake.

"Mwamuna iwe wa mapilitsi," anafuula, "galimoto imene ukuitcha wilibala inanyamula mlongo wako tsiku limene ankabereka mwana wathu woyamba, mvula ili pakati, msewu utasanduka phala! Namzeze yako ikaona chithaphwi imayamba kulira ndi timagetsi tofiira. Pita, akakumalize a Namzeze anzako!"

Choncho Katatu anatuluka mutu uli mbali imodzi chipululu, mbali ina nkhalango, nakamalizitsa kwa wometa wina kuseri kwa msika, amene posowa pogwira anangomupala mpala.

Kuyambira tsikulo dziko linagawanika. Benchi ya kwa Lumo inasanduka bwalo la asilikali: telala ndi wokonza mafoni anaima ndi Chipembere, pamene mphunzitsi wa masamu, amene analibe ngakhale njinga, analumbira kuti adzafera Namzeze. Lumo anayamba kukagula mankhwala a mutu kutsidya kwa tawuni. Akazi ake, mayi wosachedwa kutopa ndi zopusa, ankangoti, "Abambo, inu ndi achimwene mukanakhala ndi nzeru ngati mmene mulili ndi mawu, bwenzi tikuyenda pandege."

Zili choncho, apongozi ake a Lumo, amayi ake a Katatu, anagwa m'bafa nathyoka fupa la m'chiuno. Anawachita opaleshoni, ndipo tsiku loti atuluke m'chipatala litakwana, funso linagwa pabanja lonse ngati mphezi: akwera galimoto iti?

Magalimoto onse awiri anafika pachipata nthawi imodzi. Lumo anali atatsuka Chipembere mpaka dzimbiri linawala, ndipo kumpando wakumbuyo anayala bulangeti latsopano. Mumtima mwake ankawakonda apongozi akewo, amene anamulandira m'banjamo ali ndi lumo limodzi ndi malaya awiri basi. Namwino atawatulutsa panjinga ya odwala, Lumo anaima patsogolo pawo, dzanja pachifuwa.

"Amayi," anatero, "musapereke fupa lanu latsopano m'manja mwa chidole. Kwerani galimoto imene inayesedwa ndi mapiri!"

"Amayi," anatero Katatu, "m'menemo mukafika kunyumba zitsulo za adokotala zitamasuka zonse."

Mayi okalambawo anayang'ana mpando wa Chipembere, umene unali pamwamba ngati guwa la tchalitchi, kenako wa Namzeze, umene unali pafupi ndi nthaka.

"Ana inu, mwendo wanga sukwezeka," anatero. "Ndikwera yaifupiyo."

Lumo anatseka chitseko cha Chipembere. Akazi ake anakwera limodzi ndi amayi awo, ndipo iye anatsatira pambuyo yekhayekha, bulangeti lija likumuyang'ana.

Koma tamvani zimene zinachitika pagolosale ya pamphambano! Katatu anaima kuti agule madzi oti amayi ake amwere mankhwala. Pobwerera anadina batani lija, ndipo Namzeze inangoti "tsee, tsee," nikhala chete. Anadinanso. Timagetsi tinaphethira kamodzi, tinafa. Kukankha sikukanathandiza, pakuti galimoto zosintha zokha magiya sizidziwa chisomo cha kukankhidwa.

Lumo anatsika mwapang'onopang'ono, monga amatsikira mfumu yankhondo pahatchi. Khutu lake linali litamva kale kuti vuto ndi batire basi, ndipo ankadziwa kuti kungomasula la mu Chipembere n'kulimangirira mu Namzeze, nkhani yatha. Koma mumtima mwake munalowa chinthu china chokoma kuposa chifundo. Anatsegula buti, natulutsa chingwe.

"Matenda amenewa ndi aakulu, alamu," anatero ndi nkhope ya maliro. "Koma musaope. Chipembere siisiya ovulala pabwalo."

Anamangirira Namzeze kumchira kwa Chipembere, ulendo unayamba. Njira yachidule yopita kwa apongozi inali kumanja, yosalala. Lumo anakhotera kumanzere, njira yokwera chitunda, imene inkadutsa pakhomo penipeni pa kachipinda kake kometera. Anayenda liwiro la mkwati, hutala akulira osalekeza. Telala anatuluka ndi sizasi m'manja akuvina, wokonza mafoni anajambula, ndipo mphunzitsi wa masamu anavula chipewa nayang'ana pansi. Pagalasi loonera kumbuyo Lumo ankaona mpala wa mlamu wake ukunyezimira ndi thukuta, ndipo anati mumtima, lero ndiye lero.

Pakati pa chitunda, pansi pa boneti panamveka mluzu. Kenako kunatuluka nthunzi yoyera, yochuluka ngati ya m'fakitale, ndipo Chipembere Yosafa, Mwana wa Mapiri, inatsokomola kawiri niima. Rediyeta inali itaphulika paipi.

Kunali dzuwa la masana. Magalasi a Namzeze, aja otsika okha, anakana kutsika popanda batire. Lumo atathamangira kumbuyo n'kutsegula chitseko, mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Apongozi ake anali atatsamira paphewa la mwana wawo, milomo itauma, dzanja litagwira m'chiuno, maso ali otseka chifukwa cha ululu. Sanadandaule. Anangofunsa motsitsa, "Kodi njira yakwathu inasamuka, mwananga?"

Lumo anafuna nthaka imumeze. Akazi ake sanamukalipire. Anangomuyang'ana mwa mtundu uja umene mwamuna amaukumbukira zaka khumi, natsika, naima pakati pa msewu, naimitsa kalole kamene kankanyamula matiresi. Amuna awiri aja anawanyamula mayiwo mosamala, mmodzi kumapewa wina kumiyendo, nawagoneka pamatiresi atsopano a m'mapulasitiki, mwana wawo atawagwirira ambulera.

Ngakhale pa ola loopsalo Katatu sanapirire. "Akulu," anatero kwa dalaivala wa kaloleko, "galimotoyi ndi mtundu wanji?"

"Kaya," anatero dalaivala uja. "Chizindikiro chinagwa ndisanayambe ntchito."

Kalole kaja katapita, ngwazi ziwiri zinatsala pamsewu, zitalumikizidwa ndi chingwe. Kenako Lumo anatenga sipanala, namasula batire la Chipembere, nalinyamula m'manja awiri ngati mtima wa munthu.

"Alamu, tsegulani boneti."

Katatu anayang'ana batire, anayang'ana Lumo. "Ndiye kuti munkadziwa?"

"Tsegulani boneti, alamu."

Batani litadinidwa, Namzeze inadzuka. Anatembenuza chingwe, ndipo madzulo amenewo anthu anaona chodabwitsa: Namzeze ikukoka Chipembere, ndi mphamvu ya batire la Chipembere. Mpaka lero akatswiri a pabenchi sanagwirizane kuti anapambana ndani.

Pangano la mtendere linachitikira m'chipinda cha apongozi, iwo atagona pabedi, mapilo atatu kumsana, ndodo yoyendera ili m'manja ngati ya woweruza. Lumo anagwada napepesa, ndipo mawu ake sanali a ngwazi. Anali a munthu wamanyazi. Mayiwo anamusiya agwade mpaka mawondo anamva, kenako anagamula kuti aliyense atchule chabwino chimodzi cha galimoto ya mnzake, mokweza, ana onse akumva.

Lumo anatuluka thukuta ngati akukwezanso chitunda chija. "Namzeze," anatero pomaliza, "ili ndi poika kapu pabwino."

Katatu anayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Chipembere," anatero, "ikamabwera munthu umakonzekeratu."

"Zakwana," anatero apongozi. "Tulukani, ndigone."

Ndipo panja panachitika mwambo waukulu. Magalimoto awiri anaimikidwa mphuno ndi mphuno. Botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi linatsegulidwa, aliyense anamwako, chotsala anathira pamatayala a mnzake. Anafuna kuliza mahutala onse awiri pamodzi monga malipenga a chigonjetso, koma poti batire linali limodzi, ankalinyamula kuchoka uku kupita uko, hutala aliyense kulira pa nthawi yake, ana akuwomba m'manja, mpaka ndodo ya apongozi inagogoda pawindo.

Pamene ankapukuta manja, woyandikana nyumba anadutsa mu galimoto yake yatsopano ya mtundu wa Gwape, naweyula dzanja mwansangala. Alamu awiri aja anaweyulanso, akumwetulira, mpaka inakhota pakona.

"Mwaimva mmene ikulirira?" anatero Katatu.

"Chaka sichitha," anatero Lumo, namusendezera mlamu wake mpando.