Ndere Zimene Zinafuna Kutilanda Nyumba ku Kanakantapa

Amene akudziwa kale kuti ndinama aimike dzanja pompano ndimuone nkhope, chifukwa ndikayamba sindifuna wina wondidula pakati ndi "iwe Tisa, bodza". Ine ndinamenyana ndi ndere. Sindikunena tindere ta pamwala wa kumtsinje timene timakugwetsani pochapa ayi, ndikunena ndere zimene zinafuna kutitulutsa m'nyumba yathu ku Kanakantapa, ndipo ndinazigonjetsa ndekha ndili Giredi 8. Mukumva?

Zinayamba ndi ba Anti Esita, mlongo wa atate, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Lusaka. Mabwana awo posamuka anawasiyira bokosi lagalasi losungiramo nsomba, iwo n'kulifukata pamiyendo m'minibasi msewu wonse wafumbi uja, nsomba zitatu zili m'kachigubu ka saladi, mafuta ophikira aja. Tinsomba take kuchepa ngati kachala kanga kotsiriza, koma michira yake yamaluwamaluwa kuposa chitenje cha pa Khirisimasi.

"Ni zako, Tisa," anatero ba Anti. "Osazidya. Ni zoyang'ana chabe."

Ine mwa matama ndinaika bokosilo pawindo loyang'ana kumsewu, pamene dzuwa limafika m'mawa n'kuchoka madzulo, kuti aliyense wodutsa aone kuti kwathu nsomba zili ndi chipinda chawochawo. Pamenepo ndinalakwa ine. Kulakwa kwakukulu kunali kwa atate. Iwo anali atamva kwa alangizi kuti dziwe la nsomba labwino limakhala lobiriwira, ndipo anakumbapo dziwe lawo limene silinasungepo madzi kupyola masiku awiri, choncho nzeru yonseyo inali ikuwayabwa m'mutu yopanda poigwiritsa. Ataona madzi anga oyera anapukusa mutu.

"Madzi yoyera so, nsomba zizadya chani? Uzazipha na njala, mwana wanga."

Ine nditapita kuchigayo, anathiramo manyowa a nkhuku odzaza dzanja, n'kuwonjezera kafeteleza kotsalira m'thumba kuti zinenepe msanga, ndipo kuyambira tsikulo m'mawa gaga, masana gaga, madzulo gaga, ngati akuweta nkhumba.

Tsiku loyamba galasi linabiriwira ngati wina walipaka chibwabwa, masamba a maungu aja. Lachiwiri nsomba sizinaonekenso. Lachitatu ndere zinatulukira pamwamba, n'kutsika ndi mwendo wa tebulo, n'kuyamba kuyenda pansi zikumveka kuti phwiii ngati nyemba zikubwata, amayi akasesa kuyambira kuchipinda, pofika pakhomo amapeza zameranso kumbuyo kwawo mpaka tsache lomwe latulutsa masamba, ndipo zinakwera pa wailesi moti wowerenga nkhani anayamba kutsokomola n'kupepesa kwa omvera, zinakulunga njinga ya atate kufikira tinaifunafuna theka la tsiku ili pompo patsogolo pathu, mbuzi za aneba zinasiya dambo n'kumaima pamzere pawindo, nkhuku yathu inaikira mazira asanu obiriwira, ndipo atate atawodzera pampando masana anadzuka ali ndi ndevu zofika pachifuwa zimene kambuzi kena kanali kukudya kale mbali imodzi. Mukuseka chiyani? Ndinamirenji ine? Makondakitala a minibasi mpaka anasintha dzina la siteji yathu, ankakuwa kuti, "Pa Ndere, otsika pa Ndere!"

Lamulungu titabwerako kutchalitchi amayi anaima pakati pa balaza, ndere zili m'mawondo, n'kundiloza ndi mthiko.

"Pa Chinayi bazimai ba kwaya babwera kuno kupemphera. Nikapeza madzi aya yakali so, nsomba zako nipasa abakha, galasi nifeseramo matimati. Wamvera?"

Amayi anga akati abakha, ndi abakha. Ndipo abakha athu anamva, chifukwa kuyambira pamenepo sanachoke pakhomo, ankangondiyang'ana ndi diso limodzi. Atate anati mankhwala ake n'kuwonjezera manyowa kuti ndere zikhute zigone. Ba Anti anali kutali. Ndinatsala ndekha ndi masiku anayi.

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuiyesa nkhaniyo chilape, kapena kuti ndagi, monga anandizolowetsa ambuya anga, amene ankandimana chimanga chowotcha ndikalephera kumasulira. Kanthu kopanda kamwa koma kamadya tsiku lonse, kopanda miyendo koma kamathamangira pawindo. Kamadya chiyani? Ndili m'maganizo choncho ndinakankha ndi phazi beseni lakale limene linakhala chovundikira pa udzu sabata yathunthu, ndipo pansi pake udzu unali wachikasu, wofooka, ngati wodwala malungo. Basi! Ndere zimadya dzuwa, manyowa ndi ndiwo chabe.

Ndinayamba ndi kuchotsa bokosi pawindo. Musaganize kuti zinalola. Zinagwira felemu ndi manja zana, ine ndikukoka, izo zikukoka, ine ndikukoka, mpaka nyumba yonse inasendera mapazi awiri kulowera ku Chongwe, ndiye chifukwa chake mpaka lero khomo lathu silikumana ndi kanjira kake, mukadzabwera mudzaona nokha. Nditalifikitsa pakona yamdima ndinatenga chitsononkho n'kupala galasi mkati, ndipo zimene ndinapalamo zinadzaza wilibala kasanu ndi kawiri, ndinakazitaya kudimba, repu wa pamenepo anakula masamba oti mvula ikagwa banja lonse linkabisala pansi pa tsamba limodzi ndi galu yemwe.

Kenako ndinatenga kapaipi kamene atate amatungira palafini m'chigubu, n'kukatsuka bwinobwino ndi madzi otentha, mbali ina m'bokosi, mbali ina m'kamwa mwanga. Ndinayamwa mopitirira, ndinameza. Musandifunse kukoma kwake, koma kwa masiku awiri ndikayetsemula pansi pankamera kapinga. Madzi sindinawachotse onse, ba Anti anali atandichenjeza kuti nsomba zimadzidzimuka ukazisinthira onse kamodzi, ndinachotsa gawo limodzi mwa atatu n'kubwezeramo a pachitsime amene anagonera m'ndowa. Ndinachita zimenezi tsiku lililonse. Pamwamba ndinafunditsa zitenje zitatu ndi jasi la atate, kusiya kampata kolowera mpweya basi.

Nkhondo yeniyeni inali ya gaga. Atate ankabwera mwakachetechete ngati akufuna chipewa chawo, dzanja lili m'thumba.

"Atate, chotsani dzanja m'thumba."

"Kang'ono chabe. Zizafa na njala."

"Masiku yatatu sizingafe. Nipaseni."

Ndinawalanda gaga kasanu ndi kamodzi, wina anali m'sokosi. Ndowa ya manyowa ndinaipachika kunsonga kwa mango kumene ngakhale khwangwala amafika atapumira panjira.

M'kati mwa zitenje munkamveka kulira. Mukumva? Ndere zinkalira njala ngati ana amasiye, zinkanditchula dzina, zinalonjeza kuti zidzakhala zaulemu ndikangotsegula pang'ono, ndipo Lachiwiri zinatuma kachingwe kamodzi kowonda kuti kakwawe pansi pa jasi kukaba kuwala pakhomo, koma ndinakapeza katafika pa mphasa n'kukadula ndi sizasi ya amayi, kanabwerera kakukuwa. Pofika Lachitatu madzulo munali zii.

Lachinayi masana azimayi a kwaya anatulukira kumsewu akuimba. Amayi anawalandira, n'kuwakhazika, kenako anaima pafupi ndi kona ija kapepala ka mbewu ya matimati kali m'manja, abakha asanu atandanda pakhomo ngati oitanidwa ku ukwati. Mtima wanga unkagunda moti mbale zinkalira pa shelefu.

"Vundukula," anatero amayi.

Ndinachotsa jasi. Ndinachotsa chitenje choyamba, chachiwiri, chachitatu. Anthuni, madzi ake kuyera! Amake Dalitso, amene amayambitsa nyimbo, anakuwa kuti nsomba zikuuluka m'mwamba mopanda madzi, n'kupisamo dzanja kuti atsimikize, ananyowa mpaka m'chigongono. Zitatu zanga zinali zamoyo, michira ikuvina. Koma kumbuyo kwake kunali china. Timaso. Timaso tokhatokha tili ndi timichira ngati mpunga wosweka, tambirimbiri, tikuthawira pakona. Imodzi mwa nsomba zija inali itaswa m'kati mwa ndere zonsezo ife osadziwa.

Azimayi analulutira. Atate anadzigunda pachifuwa n'kuuza aliyense kuti ulimi wa nsomba anauphunzira bwino. Amayi anayang'ana tiana tija nthawi yaitali, n'kupinda kapepala ka mbewu, n'kukamanga kumphepete kwa chitenje.

"Muntu wabeleka manje-manje sataidwa. Imwe abakha, chokani apa!"

Ndi mmene ndinapulumutsira nsomba zanga, ndipo amene akukayikabe ayende wapansi mpaka kwathu akaziwerenge yekha, bokosi lili pakona, chakudya n'chotsina ndi zala ziwiri kamodzi patsiku, madzi ndimasintha Loweruka lililonse.

Kamodzi kokha ndikuuzeni, koma kathere pompano. Amake Dalitso saona bwino, ndipo tsikulo magalasi awo anawaiwala kunyumba. Madziwo, kunena mwachilungamo, anali akadali ngati msuzi wa therere wothira madzi ambiri. Alendo atapita amayi anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ndisadzitame, anakhululukira tiana tija, osati ine.