Tadala pa Sikelo ya Mtedza

Lolemba

Mawere afewa. Mwezi watha mkaka unkatuluka wokha mpaka bulauzi kunyowa, lero zii. Tadala ali ndi miyezi itatu, akangosiya bere akulifunanso. Apongozi amuyang'ana, kenako andiyang'ana pachifuwa. "Mwanayu sakukhuta. Likafika Lamulungu asanasinthe, ndimuyambitsa phala." Kuchipatala anatiuza kuti phala ayi mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Koma ndili pachitengwa, mawu anga ndi ochepa.

Sindilira ayi. Nzeru ndili nazo:
chinangwa chachiwisi m'mawa,
mtedza masana,
thobwa nthawi iliyonse,
kumuyeza tsiku ndi tsiku, apongozi adzionere okha.

Sikelo ya ana ndi Lachisanu, sindingadikire. Kumsewu kwadzaza mavenda ogula mtedza ndi soya, aliyense wapachika sikelo yake pamtengo. Sikelo ndi sikelo basi.

Lachiwiri

Venda wa pamlatho akuseka, koma wavomera. Tadala m'chitenje, chitenje pasikelo. Makilo asanu. Mwezi watha kusikelo ya ana anali asanu ndi theka. Theka lapita kuti? Ndabwerera kunyumba. Ndatafuna chinangwa mpaka nsagwada kuwawa. Mawa zisintha.

Lachitatu

Ndayesa venda wina, wa pafupi ndi chigayo. Asanu osakwana. Tsiku limodzi lokha! Zikapitirira chonchi pofika Khirisimasi ndizidzabereka chitenje chokha.

Chikundidabwitsa n'chakuti msana ukundiuza zina, pokwera chitunda ndikuchita wefuwefu. Matewera nawo adzaza chingwe chonse. Akukodza chiyani ngati sakumwa? Komabe msana sunapite kusukulu, sikelo ili ndi manambala. Ndawonjezera mtedza.

Lachinayi

Kumsewu sindipita, m'mimba mukulira ngati chigayo. Thobwa. Komanso mtedza ndakhala ndikudya uja unali wambewu. Bambo a Tadala agwira thumba, alikutumula. "Iwe, chaka chino tidzala makoko?" Apongozi asefa kale ufa wa phala, auika pakhonde poti ndiziuona.

Lachisanu

Sikelo ya ana pabwalo la tchalitchi. Makilo sikisi. Ndapempha ayezenso. Sikisi yemweyo.

Alangizi a zaumoyo akuti bere kufewa si kutha kwa mkaka, thupi langozolowera muyeso wa mwana. Akuti mwana akamayamwa pafupipafupi ndiye kuti akuitanitsa wina, ndizingomupatsa. Andifunsa kuti asanu osakwanawo ndinawatenga kuti. Ndanena za pachigayo, ndi za pamlatho zomwe. Amayi onse pamzere aseka mpaka misozi. Kenako mmodzimmodzi asiya kuseka. Ambiri anagulitsa mtedza wawo pamlatho pomwepo sabata yatha. Apongozi nawonso.

Loweruka

Apongozi alawirira, abereka Tadala okha. Ine pambuyo, pambuyo panga amayi a dzulo aja. Pamlatho apongozi akuti, "Achimwene, tandiyezereni mdzukulu wangayu." Venda watiyang'ana tonse. "Amayi, mwana si mtedza. Sikelo iyi ndi yambewu." Amuumiriza. Asanu.

Venda sanadikire funso lachiwiri. Wamasula sikelo, wakwera njinga, walunjika ku Malomo osacheuka. Tadala wagona nkhani yonseyi, ngakhale kutsinzimuka.

Lamulungu

Za phala palibe wazitchula. Mkaka ulipo, ndapambana.

Koma potuluka m'tchalitchi anthu atizinga, akubwereka Tadala. Mawa amayi a nyumba ya kumtunda kwathu akukagulitsa soya, akufuna mwana ayambe wakwera pasikelo iye. Lachitatu azakhali awo a bambo a Tadala, mtedza. Apongozi avomera onse osandifunsa. Kunyumba andiitana pambali. "Muzimuyamwitsa bwino, koma asanenepe msanga, angatisokoneze."

Ndachapa chitenje cholimba chija. Mawa ndipita nawo basi. Nanga mkaka wake uli mwa ndani?