Sabata Imene Ndinafuna Kumanga Amuna Anga

Lolemba
Miyezi isanu tsopano chichotsedwere ntchito amuna anga ku Lusaka, kampani itagulitsidwa. Thupi linabwerera kuno ku Kasisi, pakamwa panatsala kutauni. M'mawa "mwauka bwanji," madzulo wailesi, basi.
Kuchigayo ndakumana ndi Ba Agness, mnzanga wa m'kwaya. Akundinong'oneza zimene amachita ndi amuna awo m'chipinda: amamangana manja ndi chingwe chofewa. Womangidwa amalankhula, womanga amamvetsera, ndipo akangoti "masula," amamasula pomwepo. Akuti, "Munthu womangidwa manja sangatsegule wailesi." Ndaseka. Koma ndikuganizabe.

Lachiwiri
Zingwe zimene zili pakhomo pano:
cha mbuzi, chonunkha
choyanikira zovala, ndi waya
cha ndowa ya pachitsime, si chathu
malegeni a njinga.
Ndasankha cha mbuzi, ndachichapa kawiri ndi sopo. Mbuzi yapita kukadya repu m'dimba la apongozi.

Lachitatu
Ndikuphunzira mfundo pamwendo wa mpando. Ba Agness anati pazitsala polowa zala ziwiri, ndipo sizasi izikhala pafupi. Amuna anga alowa, ayang'ana mpando, ayang'ana ine. "Wathyoka?" Ndati inde. Atenga hamala ndi misomali, akhomerera mpando wabwinobwino ola lathunthu.

Lachinayi
Ana ali kusukulu. Ndawauza amuna anga zonse, maso anga ali pansi. Kenako akuti, "Amake Joyce, nakulakwirani chani kuti munimange monga kawalala?" Ndati si chilango, ndikungofuna kumva mawu awo, ngati sakufuna tisiye. Atuluka. Abwera ndi tomato amene sindinawatume.

Lachisanu
Masana amuna anga atseka chitseko okha, atambasula manja. "Yesani, koma osati cha mbuzi." Ndang'amba chitenje chakale. Zaka khumi ndi zisanu m'banja, lero ndi pamene ndaona kachipsera pansi pa chala chawo chachikulu. Ndafunsa ngati ndathinitsa. Akuti ayi. Apuma kwambiri, atsegula pakamwa kuti anene kanthu.
"Odi!" Apongozi, nkhani ya mbuzi ndi repu wawo. Mfundo yakana kumasuka. Sizasi, Joyce wapita nayo kusukulu. Amuna anga apereka moni pawindo manja ali pansi, akuti sangatuluke, ali ndi malungo.

Loweruka
Apongozi abwera ndi botolo la mankhwala owawa a masamba. Amuna anga amwa kapu yonse akundiyang'ana. Mayi awo atangochoka, aseka mpaka misozi. Kenako kuseka kwatha, misozi yatsala. Akuti, "Nimachita manyazi kudya chimanga chimene mwalima mweka." Ankaopa kuti ndimawaona ngati katundu. Ndawauza kuti ine ndinkaganiza kuti anasiya mkazi wina ku Lusaka. Takhala pamphasa mpaka nkhuku zalowa m'nyumba, palibe woziingitsa.

Lamulungu
Ku Misa ndapita ndekha, poti odwala sayenda. Ba Agness andifunsa ndi maso, ndapukusa mutu. Luso limeneli si langa, ndavomereza.
Mudzi wonse wamva za malungo. A mphakati, gulu lathu la kutchalitchi, akubwera masana ano kudzawapempherera. Odwalawo ali pabedi, akuyeserera kubuula, ndipo pakati pa kubuulako akuti tsiku lina womangidwa ndidzakhale ine, nawonso ali ndi mafunso. Akuti mfundo amazidziwa bwino, anakulira kubusa.
Ndati chabwino, koma abuule pang'onopang'ono, akuwonjeza.
Ndikutereka tiyi wa anthu khumi ndi awiri.