Tsiku Limene Malume Anasesa Nyimbo za Kwaya

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti "zonse zili m'manja mwanga", thupi limachita tsemwe. Mawu amenewo ndinawalankhula ine, nditaimirira pamaso pa kwaya ya mpingo wathu ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, manja ali m'thumba.

Kwayayo inali itajambula nyimbo khumi ndi ziwiri. Miyezi isanu ndi itatu, Loweruka lililonse, anthu akuchokera ku mashifiti, mvula ikuwakwapula pa siteji ya basi. Mayi Nachisale, amene amatsogolera kwaya, anandipatsa udindo wosunga nyimbozo poti ndinaphunzira za makompyuta (ndipo sindinkatopa kukumbutsa anthu zimenezo).

Ndinawafotokozera kuti chinthu chofunika sasunga malo amodzi. Nyumba itha kupsa, paipi itha kuphulika. Ndiye ndinapeza timakina tiwiri tosungira mafayilo. Kamodzi ndinaika kuchipinda kwanga. Kena ndinapatsira mayi wina amene ankapita kumudzi kuti akasiye kwa malume anga ku Area 25, poti ali ndi intaneti komanso sola. Moto wa ku Glasgow sungafike ku Lilongwe, ndinatero ine, anthu n'kuwomba m'manja.

Katunduyo atafika, malume anaimba foni. "Mphwanga, Mulungu akudalitse. Ana anga obereka ndekha sanandiganizirepo chonchi."

Apa m'pamene ndinayenera kunena kuti malume, si mphatso imeneyo, ndangosungiza. Koma inu, munthu amene anakulera, mawu otero ungawatulutsire pati? Kwathu chochokera kunja ndi mphatso basi. Ndinangoti, "N'zochepa malume. Muzingokasiya koyaka."

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'kuchedwa. Kamakina kanga kankatumiza zonse kuyambira pachiyambi kamodzi pa sabata, ndipo netiweki ikaduka pakati kankayambiranso. Ndinati ayi, izi n'zachikale. Ndinakonza kuti kazitumiza chokhacho chimene chasintha. Kenako ndinati kasamadikire sabata, kazitumiza nthawi yomweyo. Mtima sunakhutire. Ndinawonjezera kuti zosintha ziziyenda uku ndi uku, chachitika ku Lilongwe chichitikenso kuno. Panalinso kabokosi kosunga zofufutidwa kwa masiku angapo, ndinaona kuti kakungodya malo, n'kukazimitsa. Panatuluka chenjezo lofiira, lalitali ndithu, koma ndinadina osawerenga (owerenga machenjezo ndi anthu osaphunzira, ndinkatero masiku amenewo).

Loweruka masana, kutatsala sabata imodzi kuti tikhazikitse chimbale, ndinapita ndi laputopu ku holo ya tchalitchi kuti anthu aone luso. Ndinalumikiza ku kamakina kakunyumba, nyimbo zonse n'kuoneka pa khoma.

"Mayi, taonani," ndinatero. "Ndikakhudza pano, ku Lilongwe zamveka kale."

Ndisanakhudze kalikonse, nyimbo yoyamba inasowa. Ndinaphethira. Yachiwiri inasowa. Yachitatu ndi yachinayi zinapita limodzi.

"Achimwene, zikupita kuti?" anafunsa Mayi Nachisale.

"Zikungo... zikungodzikonza, mayi."

Kudzikonza kwake kuti! Foda yonse ya zojambula zoyambirira inazimirira ndikuona ndi maso angawa. Pamalo pake panatulukira foda yatsopano, dzina lake ZANGA, ndipo pa khoma la nyumba ya Mulungu panayamba kufika zithunzi za nkhumba. Nkhumba ili chigonere, nkhumba ikudya, malume atagwira nkhumba khutu. Zinkafika mwachangu kwabasi. Kunena zoona, makinawo sanagwirepo ntchito bwino ngati tsiku limenelo.

Ndinatuluka liwiro la mtondo wadooka, opanda jekete, mpaka kunyumba. Masitepe a nsanjika zitatu ndinakwera osawaona, n'kuzula waya kukhoma. Ndinachedwa. Munatsala nkhumba zokhazokha.

Ndinabwerera ku holo. Bambo amene ankatijambula ndinawafunsa ngati nyimbo zikadali pa makadi amene ankajambulirapo. Anandiyankha ndi funso: "Paja munati ndifufute, zonse zili malo awiri?" Ndinaterodi. Ndipo achimwene a Gondwe, amene anatsogolera nyimbo zisanu, anali atamaliza sukulu n'kubwerera ku Mzuzu mwezi wathawo.

"Aimbireni malume anuwo," anatero Mayi Nachisale. "Tonse timve."

Ndinaika foni patebulo, kwaya yonse itazungulira. Titalonjerana mpaka kufunsana za azakhali, ndinafunsa mwaulemu za kamakina kaja.

"Aa, kamene kaja ndakasesa lero," anatero malume mosangalala. "Munali zinyalala, mphwanga. Nyimbo imodzimodzi kasanu ndi kawiri, anthu akuyamba n'kusiya, wina akutsokomola. Ndiye muli mayi wina wake wolongolola, akungokalipira anzake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinamva chisoni ndi amuna ake."

Wa besi wina anakwirira nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Ine thukuta kamukamu, m'chisanu cha Novembala wa ku Glasgow. Mayi Nachisale sanaphethire n'komwe. Anangoloza foni ndi chala, kutanthauza kuti auzeni chimene achita.

Mawu ndinali nawo, okonzeka bwinobwino pakhosi. Ndinatsegula pakamwa.

"Mwachita bwino, malume. Nanga mvula yayamba kumeneko?"

Mayi Nachisale ananyamula chikwama chawo pang'onopang'ono, n'kumanga mabatani a khoti mpaka m'khosi. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mawa mukalengeza nokha kutsogolo kuti chimbale kulibe. Mufotokoze bwino, poti ndinu ophunzira."

Ndinalengezadi, ndipo palibe anawomba m'manja. Tinayambiranso kujambula, nyimbo zisanu zija akutsogolera munthu wina, ndipo aliyense amadziwa kuti sizikumveka ngati kale. Zojambula zatsopano amasunga Mayi Nachisale pa timafulashi titatu, kamodzi kali m'chitini cha mabisiketi kwa mchemwali wawo ku Shawlands, mbali ina ya Glasgow. Amakopera pamanja, zimawatengera masana onse. Tsiku lina ndinawauza kuti pali njira yachidule. Anandipatsa mipando kuti ndikasanje.