Ng'ombe zanga pa chithunzi cha a Msukwa

"Amayi, mukuonamo chiyani m'chithunzichi?"

Anandifunsa choncho a Msukwa, aphunzitsi a zojambulajambula kusukulu ya mwana wanga Tusekile ku Chilumba, tsiku limene makolo anatiitana kukaona ntchito za ana. Pakhoma panalinso chithunzi chachikulu chimene anapenta aphunzitsiwo: malo osungira malasha, mulu wakuda bii, zitsulo zazitalizitali, thambo lofiirira. Chinali chokongola ndithu, moti ndinaima nthawi yaitali.

Ine m'mawa ndinali nditalumbira kuti lero mwana wanga asachite nane manyazi, aphunzitsi adziwe kuti mayi ake Tusekile Folomu 4 anaiona. Ndiye funso ngati limenelo ndikanangoti "chabwino" basi?

Ndinayang'anitsitsa m'munsi mwa chithunzi, ndinaona tinthu tinayi tofiirira tili pamzere, mtima unangoti phwii. Ndinati izi ndi ng'ombe zadothi. Ndinayamba kufotokoza mmene tinkaziumbira ku Lupembe m'munda wa nthochi wa bambo, nyanga zake za minga, kuziyanika pansi pa masamba kuti zisang'aluke, khola la timitengo, mpaka za mchimwene wanga amene ankandibera nkhunzi. Misozi inalengeza, anthu inu. Aphunzitsi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati motsitsa mawu, kuti ena asamve:

"Ndi mathiraki onyamula malasha, amama."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kusuntha. Ine ayi. Ndinati nanga nyangazi? Ndinaloza, chala n'kukafika pachithunzi. Nyangayo inali galasi la dalaivala, ndipo penti inali isanaume. Galasi linabwera ndi chala changa.

Poti ndikonze, ndinanyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, monga timachitira mwana akadetsedwa patsaya, n'kupukuta pang'ono. Mutu wa thiraki unapita. Ndinapukutanso kuti zifanane, mateyala anatsatira. Potembenuka, Tusekile anali ataphimba nkhope ndi kope, anzake akugwirana mapewa.

Nthawi yomweyo ahedi anafika ndi alendo, n'kufunsa kuti apa pachitika chiyani. A Msukwa anaima pakati pa ine ndi iwo, kubisa chala changa chofiiracho, n'kunena kuti, "Limenelo ndi fumbi, bwana. Thiraki yachinayi yanyamuka kale." Alendo anagwedeza mitu, wina mpaka anati fumbilo likuoneka ngati lenileni.

Kunyumba mwana sanandilankhule masiku awiri. Ndinaganiza kuti munthu wandivinikira chotere, ndimubwezera chiyani? Loweruka ndinakakumba dothi kudambo, ndinakhala kuseri kwa nyumba, mayi wa ana atatu, kuumba ng'ombe. Zisanu zinasweka, sindinasiye. Zinayi zinapulumuka, ndinazikulunga m'pepala n'kumupempha Tusekile akapereke mwakachetechete.

Lolemba madzulo anabwera akuseka kuyambira pamsewu, n'kundikhalira pafupi koyamba chichitikire za chithunzi zija.

"Amama, a Msukwa aziika patebulo pawo. Akuti yewo chomene, athokoza kwambiri, sanaonepo mvuu zoumbidwa bwino chonchi."

Ndinafuna kupita kukawaonetsa pamene pali nyanga, koma ndinadzigwira. Kuyambira pamenepo chithunzi ndimachionera patali, ndipo wina akandifunsa chimene ndikuona, ndimayamba ndafunsa mwini wake kuti anajambula chiyani.