Chaputala Chachitatu ku Kapata

Lolemba, Julaye 1996

Ndafika kwathu! Sabata imodzi yokha, kenaka ndibwerere ku Canada kukamaliza digiri yachiwiri, ya malamulo a misonkho. Pulofesa wanga akufuna chaputala chachitatu cha kafukufuku wanga ndikangotsika ndege. Chikapanda kuoneka, chaka chino sindimaliza, ndiye kuti chisanu chakumeneko chidzandiluma kachiwiri. Ayi ndithu!

Kuno ndilemba bwino. Kulibe mnzanga wa m'chipinda uja woimba gitala, kuli Amayi okha. Ndakonza:

tebulo la malemu Atate, pafupi ndi zenera;
mabuku atatu, lililonse ngati njerwa;
mapepala ndi zolembera;
mtima wofuna ntchito.

Amayi akuti, "Palibe akusokoneze, mwanangu. Sindinauze munthu kuti wabwera." Kenaka akuvala chitenje chatsopano, akuti akukagula mchere.

Lachiwiri

Mchere uja wabweretsa komboni yathu yonse ya Kapata.

Ndisanasambe n'komwe, pakhonde padzaza. Amayi a kwaya. Aphunzitsi anga a giredi 3, omwe akukumbukirabe kuti ndinkalira. Bambo wina amene mbuzi za mnansi zamudyera ndiwo m'dimba. Mayi wina amene mwamuna wake anapita ku migodi, zii mpaka lero. Onse amva kuti loya wafika.

Ndikuwafotokozera bwinobwino kuti milandu yotere ndinkagwira kale ku Lusaka, tsopano ndikuphunzira za misonkho. Amayi Zulu, oyambitsa nyimbo m'kwaya, akuyang'ana Amayi mwachisoni: "Misonkho? Aja amawatchula pamodzi ndi ochimwa m'tchalitchi? Pepani, anzanga."

Zomwe ndalemba lero: mutu wa chaputala. Ndaudula mzere kunsi. Ukuoneka bwino.

Lachitatu

Ndikupita kumsika kukagula matimati, kuti mutu upepuke. Mbiri yafika kale. Msonkho watsopano wa VAT uja anthu sanauzolowere, ndiye aliyense akuganiza kuti boma landituma.

Wogulitsa salaula, zovala zakale zija, wandiona, wasiya mulu wa malaya, wasowa. Mayi wa vitumbuwa wavundikira beseni ndi chitenje: "Izi si zogulitsa, mayi, ndangoziyanika." Vitumbuwa!

Ndabwera wopanda matimati, koma ndikuseka ndekha njira yonse. Ku Canada palibe amandiopa. Ndinapita kumeneko ndikudziyesa loya wokhwima, woti ndaimapo m'makhoti. Tsiku loyamba m'kalasi pulofesa akulankhula Chingelezi chomwechi, koma ine ndikumva mawu okha, tanthauzo ayi. Kumanja kwanga mnyamata wa ku India, kumanzere mayi wa ku Brazil, tonse maloya kwathu, tonse tikugwedeza mitu ngati tikumva. Titatuluka ndi pamene tinaululirana, ndipo chibwenzi chinayambira pomwepo. Ndikawauza kuti kuno anthu amandithawa, sakakhulupirira.

Masana alendo enanso. Chaputala chili pomwe chinali.

Lachinayi

Ndathawa! Ndakwera lole m'mamawa, wa kwa Amalume kufupi ndi Tamanda. Kumudzi kuli bata. Ndayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, mabuku pambali, mphepo ya Julaye ikuwomba pang'onopang'ono. Apa ndiye ndilemba.

Amalume akubwera ndi kampando kawo. Akuti sakundisokoneza, angofuna kudziwa chomwe ndikulemba. Ndikuwauza kuti munthu akakhala m'dziko lina koma n'kumapeza ndalama m'dziko lina, maboma onse awiri amafuna msonkho, ndiye amapangana momwe agawanire. Akuganiza nthawi yaitali, akukanda chibwano. "Ndiye kuti mwaoloka nyanja kukaphunzira momwe afisi awiri angadyere mbuzi imodzi osalumana?" Ndikuti inde, Amalume. "Nanga mbuziyo amaifunsa?"

Pomwepo akazi awo atula dengu la nsawa pamphasa yanga. Akuti manja aziswa, mutu uziganiza. Abwera amayi ena awiri. Nkhani zayamba: wakwatiwa ndani, wathawa ndani, ndani akunama kuti thonje lake lachita bwino. Dzuwa lalowa ndili ndi matuza m'zala. Sindinasekepo chonchi chichokere kuno.

Lachisanu

Ndabwerera m'tauni ndi mtima watsopano. Lero ndi mawa, chitseko chotseka, nditha.

Ndikutsegula chikwama. Muli:

mbatata;
nsawa zoswaswa;
mfutso wa nkhwani;
mbatata zinanso.

Mabuku mulibe! Tsopano ndikukumbukira kuti pokwera lole akazi a Amalume ananena kuti andichotsera "zolemera zija" kuti katundu akwane. Ine ndinati zikomo. Ndinachita kuwomba m'manja!

Mabukuwo ndi a laibulale ya yunivesite. Ndakhala pa bedi, mutu m'manja. Amayi akuti, "Usadandaule, kumeneko palibe angawabe." Izi zokha n'zoona.

Mbatatazo n'zotsekemera kwabasi.

Loweruka

Mabuku afika! Amalume awamanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga. Afikanso: akazi awo, asuweni anga atatu, tambala mmodzi. Akuti sangabwere m'tauni osanditsanzika bwino.

Amayi a kwaya amva fungo. Amayi Zulu andikhululukira za misonkho, abwera ndi chidebe cha thobwa. Tebulo la Atate latuluka panja, lasanduka poika mbale. Aliyense akufuna kumva za chisanu. Ndikuwauza kuti kumeneko tsitsi likanyowa limauma gwa ngati udzu, kuti dzuwa limawala koma osatentha. Sakukhulupirira. Ndikubwereza. Akuitana ena kuti ndibwerezenso.

Magetsi azima, nyimbo zayamba. Amayi akuvina! Chimwalirire Atate sindinawaonepo akuvina. Ndaponya nsapato, ndalowa m'bwalo.

Zolemba za lero: chiganizo chimodzi. Ndachiwerenga, ndachifufuta.

Lamulungu

Ku Misa ansembe andiimiritsa kuti anthu andione. Amayi akhala mowongoka ngati ndi iwo akupatsidwa digiri.

Basi, chaputala palibe. Mawa basi ya ku Lusaka, mkuja ndege. Ndikagogoda kwa pulofesa, ndikapempha masabata awiri. Akandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, akapuma mozama, mwina akavomera. Akakana, ndikaona komweko.

Panopa ndakhala pamphasa, pakati pa miyendo ya Amayi, akundiluka tsitsi. Akukoka ngati ndidakali kamwana, misozi ikuchita kulengeza. Ndikuti, Amayi, pang'onopang'ono. Akuti ayi, aluka zolimba kuti zikafike Khirisimasi, poti kumeneko kulibe wondigwira mutu.

Akuti ndisiye kulemba, ndikuwapotozera mzere wa tsitsi. Chabwino, Amayi.